Kuthowa Mapazi a Mkazi Wanga

"Alamu, mukumuthowa kapena mukumuphika m'bale wangayu?"

Anakuwa choncho ali chiimire pakhomo la kubafa, chikwama chikadali paphewa, yunifolomu ya kuntchito asanavule. Amenewa ndi akulu ake a mkazi wanga, nesi wa zaka zambiri ku Indianapolis, ndipo nyumba imene tinalimo inali yawo, ku Lawrence, m'mbali mwa mzinda womwewo. Ine ndinali nditagwada pa matailosi, thaulo lonyowa lili m'manja, beseni la madzi otentha lili pambali. Mkazi wanga anali atakhala pa mpando wapulasitiki, phazi lake lamanzere lili pa bondo langa.

"Ndikumuphika," ndinatero. "Tengani mchere."

Sanaseke. Ine ndi alamu angawa timatonzana kuyambira tsiku la chinkhoswe, koma madzulo amenewo nkhope yawo inalibe nthabwala. Anaponya chikwama pansi, anaviika chala m'beseni muja, n'kuchichotsa msanga.

"Mwayamba liti zimenezi?"

"Masabata atatu apitawo."

"Tsiku lililonse?"

"Ndikaweruka. Lamulungu kawiri."

Anandikankha ndi chigongono n'kunyamula phazi lija kuliyang'anitsa pansi pa getsi. Pachidendene panali thuza lalikulu ngati chitsekero cha botolo, kuphazi konse kutada bii, khungu likusendeka m'mbali mwa zala. Thuzalo ndinali nditaliona kale. Ndinkati ndi matenda akutuluka.

"Tayani madziwo," anatero alamu. "Pompano."

Mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinaimirira n'kuwauza kuti nyumba ndi yawo, koma mkaziyu ndi wanga. Ndinawafunsa kumene anali masiku onse amene m'bale wawo ankalephera kuponda pansi. Ndinati manesi a kuno mukangovala malaya abuluuwo mumayamba kuona ngati amayi anu, amene anakulerani ndi madzi otentha omwewa, anali zitsiru. Ndinanenanso zina zomwe sindingazilembe. Iwo sanabweze. Anangoti, "Mwamaliza?" Ndinatenga makiyi n'kutuluka, chitseko ndinachimenyetsa mpaka chithunzi cha pakhoma kupendekeka.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono, kuti zimveke mmene beseni linafikira m'bafa ya eni ake.

Ife timakhala ku South Bend. Ine ndimayendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira zolemera, m'nyumba yosungiramo katundu, mkazi wanga ankasamalira agogo ku nyumba ya okalamba. Chaka cham'mbuyo mwake anamupeza ndi khansa ya m'bere. Anamuchita opaleshoni, anamupatsa mankhwala a m'diripi aja othothola tsitsi, ndipo ndinamuona akusanza mpaka ndulu. Pamene tinkati zatha, tayamba kale kukonza zokathokoza kutchalitchi, dokotala wa ku South Bend anatikhazika pansi. Anati chotupa chachoka, koma khansayo inali itafika kale mu mwanabere wa m'khwapa, ndipo mtundu wake ndi wosakhazikika, umakonda kuyenda. Ikhoza kudzatulukira m'mapapo, m'chiwindi kapena m'mafupa. Anati chimene chimatha anthu nthawi zambiri si chotupa choyambacho, koma kufalikirako. Ine ndinamufunsa kuti nanga miyezi yonse ija timasanziranji. Anandiyang'ana osakwiya, n'kutiuza kuti ku chipatala china chachikulu ku Indianapolis kuli kafukufuku wa njira yatsopano yoperekera mankhwala, ndipo mwina angamulandire.

Dokotala wa kafukufukuyo anali bambo wamfupi wamagalasi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa munthu. Anajambula pa pepala. Anati mankhwalawo si achilendo kwenikweni, chachilendo ndi kakulungidwe kake. Amawaika m'timaphukusi ta mafuta, tating'ono kuposa fumbi, toti diso silingaone. Kunja kwake amapakako zinthu zomwe zimakonda kumatirira ku khansa. Timaphukusito timayenda m'magazi masiku angapo, ndipo tikakumana ndi kambewu ka khansa kamene kakufuna pomera, timakakamira n'kutsegukira pomwepo. Ine ndinamva msanga, chifukwa ntchito yanga ndi ya katundu. Ndinati ndiye kuti mankhwala akale aja anali ngati kukhuthula lole yonse pamsewu kuti mwina mwini katundu atolapo kake, pomwe awa ndi phukusi lolembedwa adiresi. Dokotala anati ndayandikira, kungoti adiresiyo nthawi zina imasokera. Sanatinamize. Anati pa makoswe zinayenda bwino, pa anthu akuyesa kumene, ndipo sangalonjeze chilichonse.

"Ndiye mkazi wanga ndi khoswe wachingati?" ndinafunsa.

Mkazi wanga ananditsina pantchafu mpaka ndinadumpha. Mapepala ovomerezera kulowa m'kafukufukuyo anapita nawo kunyumba, anawawerenga masiku anayi, magalasi ali pamphuno, ndipo titabwereranso anasayina ine ndikadali kupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. M'galimoto anandiuza kuti, "Bambo, thupi ndi langa. Inu muzingodiraiva."

Ndiye ndinkadiraiva. Masabata anayi aliwonse tinkanyamuka ku South Bend masana, kutsika ndi msewu wa 31, kulambalala tauni ya Kokomo pa msewu watsopano uja, minda ya chimanga uku ndi uku yopanda ngakhale munthu mmodzi wogwira khasu. Tinkagona kwa alamu, m'mawa n'kulawirira kuchipatala. Chipinda cha diripi chinali ndi mipando ikuluikulu yogoneka, ndipo mkazi wanga ankakonda wa pawindo, pafupi ndi mayi wina wachizungu wa ku Speedway amene ankaluka zipewa n'kumadandaula za phokoso la magalimoto a mpikisano. Awiriwo anagwirizana tsiku loyamba lomwelo. Diripi ikamalowa, nesi ankawaika timatumba ta ayezi m'manja ndi kumapazi. Ine ndinkaona ngati nkhanza, kuzizira konseku, koma ndinkati ndi zawo zachizungu. Pobwerera tinkadzera ku Lafayette Road kukagula ufa, nyama ya mbuzi ndi tinsomba touma kwa Mnaijeriya wina amene ankanditcha mlamu wake ngakhale sindinakwatire kwawo.

Ndinayamba kuwakonda maulendo amenewo. Tsitsi lomwe linali litayamba kumera silinathothokenso. Ankadya, mpaka kumandilanda zanga. Ankaimba nyimbo za kwaya mumsewu n'kumandinena kuti ndikuwononga ndi besi yanga. Atamujambula pambuyo pa diripi yachiwiri, mapapo anali oyera, chiwindi choyera. Ana athu awiri, omwe ali ku koleji ndipo Chichewa amangomva koma kuyankha amayankha Chingerezi, analeka kuimba foni mwamantha. Kutchalitchi ndinasanduka mphunzitsi. Aliyense wofunsa kuti mayi ali bwanji ankamva za timaphukusi ta adiresi mpaka tiyi wake kuzizira.

Malamulo analipo. Nesi wa kafukufukuyo anatiuza tsiku loyamba: osasamba madzi otentha, osavala nsapato zothina, osaimirira nthawi yaitali. Anati mankhwalawa amakonda kuvutitsa zikhatho ndi mapazi. Ine malamulo ndikawamva ndimawatsatira kuposa amene anawalemba. Ndinatsikira kunsi kwa nyumba n'kuchepetsa moto wa thanki yotenthetsa madzi, moti tonse tinkasamba ofunda chabe m'nyengo yozizira ya sinowo. Ndinamugulira masilipasi aakulu a amuna. Mbale ndinkatsuka ndine, ngakhale ndinaswa zingapo.

Itadutsa diripi yachitatu, mapazi anayamba kuyaka. Ankati zili ngati akuponda mchenga wa mu Okutobala wopanda nsapato. Nesi anaimba foni kufunsa ngati mapaziwo afiira. Mkazi wanga anawayang'ana n'kuyankha kuti ayi, ndipo sananame. Khungu lathu silifiira. Limangoda. Tsiku lina ndinaweruka n'kumupeza akukwawa ndi maondo kuchokera pa sofa kupita kuchimbudzi. Atandiona anayesa kuseka, akuti akufunafuna ndolo yake.

Ndinaika ketulo pamoto.

Kwathu kumudzi munthu akabinya mwendo amamuthowa. Mayi akangochira kumene amamuthowa. Ine ndili kusekondale ndinathowedwa bondo sabata yathunthu nditagwa pa mpira, ndipo bambo anga akabwera kuchokera kumunda wa fodya msana utauma, dokotala wawo anali thaulo ndi madzi otentha. Umaviika nsalu, kufinya pang'ono, n'kudinikiza pamene pakupwetekapo mpaka wodwalayo alume mano, kenako apume. Kuthowa si kusamba. Kusamba n'kochotsa litsiro, kuthowa ndi mankhwala. M'mutu mwanga zinthu ziwirizi sizinakumanepo n'komwe. Ine yemwe ndinachepetsa moto wa thanki ndi ine yemwe ndinkawiritsa ketulo madzulo aliwonse, ndikudziona kuti ndine mwamuna wanzeru. Ndipo zinkaoneka ngati zikuthandiza. Thaulo likafika pa phazi, mkazi wanga ankatsinzina, mapewa n'kugwa. M'mawa ululu unkabwerera wokulirapo, ine n'kumati ndiye kuti dzulo madzi anachepa kutentha.

Ndi mmene tinafikira ku Lawrence tsiku loti mawa lake ndi diripi yachinayi, beseni lathu lili m'buti. Masiku ena onse ndinkathowera kwathu ku South Bend. Apa m'pamene alamu anaona koyamba.

Nditamenyetsa chitseko chija ndinakakhala m'galimoto. Dzuwa linali lisanalowe, koma kunkazizira koti makutu kuwawa. Ndinaliza injini. Ndinaganiza zobwerera ku South Bend ndekha, aone amene amuperekeze mawa. Ndinafika mpaka poika giya ya m'mbuyo. Kenako alamu anagogoda pawindo, atafunda jekete la amuna awo, n'kulowa kukhala mpando wakutsogolo osapempha.

"Yatsani hita, ndisafe chifukwa cha inu."

Ndinayatsa.

"Za amayi zija mudzapepesa tsiku lina, ndi nkhuku yamoyo," anatero. "Panopa mverani. Timaphukusi tanu tija, tomwe mwatopetsa nato tchalitchi chonse mpaka mbiri kufika kuno, timayenda m'magazi, eti?"

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa. Kuphazi kuli timitsempha tating'ono tambirimbiri. Mukaika moto timatseguka, magazi amathamangira komweko. Mukadinikiza, timaphukusi tija timatulukira pakhungu n'kuphulikira pomwepo. Mankhwala opha khansa akuotcha chidendene. Inu mwakhala mukutsitsa katundu panjira, alamu, asanafike kwa mwini wake."

"Nesi uja anati osasamba. Sananene za kuthowa."

"Akudziwa bwanji kuti kuli kuthowa? Anakulira ku Kasungu? Nanga ayezi amamuika pa diripi uja, simunadzifunse kuti ndi wa chiyani?"

"Ndinkati ndi zachizungu."

Anapukusa mutu n'kuseka pang'ono, kuseka kosakoma. Ndinayamba kuwerenga m'mutu madzulo onse aja, ketulo ndi ketulo. Ndinafunsa ngati ndiye kuti matuzawo ndawachititsa ndine.

"Mankhwala anayatsa, inu munasonkhezera. Mbali yanu ndi yaikulu bwanji, ine sindikudziwa. Angadziwe ndi a kafukufukuwo, ngati atauzidwa."

"Akauzidwa amuchotsa?"

"Mwina aimitsa kaye. Mwina achepetsa. Mwina amuchotsa. Ine si wa kumeneko, sindingakunamizeni."

Ndinazimitsa injini. Tinabwerera m'nyumba n'kupeza mkazi wanga ali pa sofa, atavala masokosi awiriawiri, manja atapinda. Mlandu wake anali ataukonza kale.

"Mawa palibe amene akanene za mapazi," anatero. "Ndikaonetsa manja. Manja ali bwino. Akafunsa mapazi ndikati ali bwino, kukuzizira, sindivula. Nesi uja amandikhulupirira, amadziwa kuti nane ndimagwira ntchito ya odwala."

"Iwe, usapange zachibwana," anatero alamu.

"Achemwali, inu simukhala m'chipinda muja. Mnzanga uja wa ku Speedway anangonena kuti mtima ukumugunda mwachilendo. Ulendo wotsatira pa mpando wake panali munthu wina. Ine akandichotsa ndipita kuti? Ndikakhale ku South Bend kudikira kuti itulukire m'mapapo?"

Ankanena zoona. Dokotala wa ku South Bend uja anali atatiuza kuti kupatula kafukufukuyu, chotsala n'kumangomujambula miyezi ingapo iliyonse n'kumayembekezera.

Alamu anakhala pansi pafupi naye n'kutsitsa mawu. Anamuuza kuti akalandira mankhwala onse pamwamba pa matuza amenewo, khungu litseguka, mabala alowa tizilombo, ndipo zikafika pamenepo sadzamufunsanso, adzangomuchotsa. Anatinso anthu aja amalemba chilichonse. Akadzaona mabala osadziwa za madzi, adzalemba kuti mankhwala okha ndi amene achita zimenezo, ndipo amayi ena obwera m'mbuyo mwina adzalandira ochepa kapena kumanidwa kumene, chifukwa cha ketulo ya ku South Bend.

"Amayi enawo ali ndi achemwali awo," anatero mkazi wanga. "Ine ndikunena za ine."

"Chabwino. Ine sindikanena," anatero alamu. "Si wodwala wanga, ndipo mawa ndili pa shifiti. Koma wowiritsa madzi ali pompano."

Onse awiri anandiyang'ana. Ine ndinali ndi funso langa, lomwe linayamba kundiluma ndikadali m'galimoto. Mapepala aja mkazi wanga anawawerenga onse, tsamba ndi tsamba. Ntchito yake ndi yosamalira odwala. Ndinamufunsa ngati sankadziwa.

"Ndinkakayikira," anatero.

"Kuyambira liti?"

"Sabata yoyamba."

Ndinakweza mawu. "Ndiye munangokhala chete? Ine n'kumakuotchani ngati chinangwa, inu kuli zii? Pakamwa munasiya kuti?"

"Musandikalipire m'nyumba ya eni." Analankhula motsitsa, akuyang'ana masokosi ake. "Zaka makumi awiri ndi ziwiri, bambo. Munayamba mwandigwirapo phazi? Ndabereka ana awiri m'dziko lino, wondithowa panalibe. Tsiku lija munangobwera osalankhula, n'kugwada. Ndikanati siyani mukanasiya, ndimakudziwani. Mukanaponya beseni kunja, osadzayandikiranso. Ndinati bola ndipirire masiku angapo."

Alamu anadzuka n'kupita kukhitchini kukasuntha mapoto omwe analibe chifukwa chosunthira. Ine ndinakhala pa mkono wa sofa. Munthu wa pakamwa ngati ine, amene ndinakanganapo ndi wapolisi wa pamsewu mpaka kudzionjezera mlandu, ndinangoti duu ngati thumba la simenti. Ndinkafuna kukwiya, koma sindinapeze womukwiyira.

Tinadya mpunga ndi nkhuku. Titatha, alamu anatsuka matuza aja ndi madzi ozizira, anapaka mafuta, anakulunga ndi nsalu zoyera. Ine ndinapatsidwa ntchito yogwira tochi ya foni, ndipo ngakhale imeneyo anati sindikugwira bwino. Madzi a m'beseni, omwe anali atazizira okha, ndinakawataya ndekha. Mkazi wanga asanapite kukagona anandiuzanso kuti, "Mwamva, eti? Mawa inu ndinu dalaivala." Sindinalonjeze, sindinakane.

M'mawa ndinadzuka wina asanandidzutse. Ndinapala ayezi pa galasi la galimoto n'kutenthetsa mkati. Alamu anatuluka akuthamangira shifiti yawo, kapu ya khofi ili m'manja, ndipo podutsa anangoti, "Pakamwa panupo lero pagwireko ntchito yabwino." Msewu wonse wopita m'tauni mkazi wanga ankayang'ana kunja. Kuchokera poimika magalimoto kufika pa lifiti anayenda ndi m'mbali mwa mapazi, atakola mkono wanga, akumaima pafupipafupi kuti apume. Koma titangofika pakhomo la chipinda cha kafukufuku anandisiya, anawongoka, n'kulowa ngati msilikali. Thukuta linali pamphumi.

Nesi anamuyeza kuthamanga kwa magazi, anamukweza pa sikelo, anatenga magazi m'timabotolo. Kenako anatsegula kompyuta n'kuyamba mafunso ake a nthawi zonse. Kudya? Bwino. Kusanza? Ayi. Zilonda m'kamwa? Ayi. Manja? Mkazi wanga anatambasula zikhatho. Mapazi?

"Ali bwino," anayankha m'Chingerezi, akumwetulira.

Nesi anayamba kutaipa. Ndinatembenukira kwa mkazi wanga n'kulankhula m'Chichewa, kuti amve iye yekha.

"Mayi, mapazi ndi anu, sindiwanena. Koma madzi aja ndi anga. Ndinawiritsa ndine, ndipo ndinena."

"Bambo, ndakupemphani."

"Ndamva. Mundikwiyire mukuyenda."

Ndiye ndinamuuza nesiyo. Chingerezi changa n'cha Fomu 4 ndi cha kuntchito, ndipo mawu oti kuthowa mulibemo, choncho ndinachita kusonyeza ndi manja: ketulo, beseni, thaulo, kufinya, kudinikiza. Ndinati masabata atatu, tsiku lililonse. Ndinati munatiuza za madzi otentha, ndinamva ndithu, koma ndinkaona ngati izi n'zina. Ndinati ngati pali wolakwa pano ndine, ndipo mulembe choncho m'kompyutamo, musalembe kuti ndi mankhwala anu okha, musalembenso kuti ndi iyeyu. Mawu anakwera ndisakufuna, moti nesi wina anasuzumira pakhomo kuona ngati kuli ndewu.

Nesi uja anasiya kutaipa. Sanayang'ane ine. Anayang'ana mkazi wanga n'kumufunsa mwaulemu ngati angalole kuti aone. Kenako mkazi wanga anawerama n'kuvula yekha masilipasi, sokosi yoyamba, yachiwiri, n'kumasula nsalu za alamu zija.

"Mwasangalala?" anandifunsa.

"Ayi."

Dokotala wamagalasi uja anabwera. Anayang'ana nthawi yaitali, anadina m'mbali, anajambula ndi kamera. Anandifunsa kuti madziwo ankatentha bwanji, ndinati oti chala sungachisiyemo. Anakweza nsidze. Anafunsa ngati ndi nzeru yanga ndekha, ndinati pitani kwathu mukagogode nyumba iliyonse, ndipo sindikukhulupirira kuti ndife tokha padziko. Ndinati anthu a maiko ena amene mumawalandira pano muziwafunsa zomwe amachita phazi likamapweteka, osangofunsa madzi osamba. Analemba. Anauzanso nesi kuti funso la kufiira lija azilionjezera, azifunsanso za kuda ndi kusendeka kwa khungu.

Kenako anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi mkazi wanga. Anati lero diripi kulibe. Mkazi wanga anatseka maso. Dokotala anapitiriza, pang'onopang'ono monga mwa khalidwe lake. Apume masabata awiri, mapazi apole. Akadzabwera adzamupatsa mankhwala ocheperako pang'ono, ndipo malamulo a kafukufuku amalola zimenezo. Anati akanalandira lero pamwamba pa matuzawo, mwina nkhani ikanakhala ina.

"Ndiye sindichoka?" anafunsa mkazi wanga. Anafunsa kawiri.

"Simuchoka."

Sanalire. Anatulutsa mpweya wautali n'kundiyang'ana cham'mbali. "Musaganize kuti mwawina," anatero m'Chichewa. "Musandiyankhule mpaka tidutse Kokomo."

Madiripi otsalawo anadzamaliza onse. Kaya timaphukusi tija ndi timene tinatseka njira, kaya khansayo sikanayenda n'kale, madokotala amati za munthu mmodzi sanganene. Amamujambulabe, ndipo mpaka pano mapapo ndi oyera.

Koma m'mawa umenewo zonsezi tinali tisanazidziwe. Nesi anakulunga mapazi ndi mabandeji okhuthala, masilipasi anakana kulowa, ndipo anabweretsa njinga ya odwala. Ndinatulukira m'khonde n'kuimbira bwana wanga kumuuza kuti Lachitatu la sabata yachiwiri apeze wina, ine sindibwera. Anayamba kudandaula za kuchepa kwa anthu, ndinamusiya amalize. Kenako ndinanyamula masilipasi aja m'manja n'kutsika kukasuntha galimoto kuti ifike pakhomo penipeni.